Zithunzi za Bwana wa ku Turkey

"Basi ya ku Malawi sindikwera, amayi," anatero Sufiyan m'tenti ya othawa zipolowe zothamangitsa anthu obwera kuchokera kumayiko ena.

Anawatosa nayo foni kumaso mayi akewo, a Zulfa. Bwana wake wa ku Turkey anali atamutumizira zithunzi za myuziyamu ya mzinda wakwawo: mfuti zadzimbiri, ziboliboli za amayi osenza zipolopolo.

"Akuti makolo awo sanathawe nkhondo. Analimba mpaka adani anachoka."

"Adaniwo anali ndani?"

"Asilikali obwera, a dziko lina."

A Zulfa anatsonya mpaka a tenti ina anasuzumira.

"Chitsiru iwe! Nanga otiwotchera chisakasa kumene tinkakhala ku Cato Manor aja akuti akuthamangitsa ndani? Nyamula chikwama. Akadzamanga myuziyamu yawo, sindikufuna adzaikemo nsapato zako."