Loko wa pa Chipinda cha Tiburcio

Auxiliadora anapezanso duwa lofiira m'khola la iguwana. Kanali kachitatu sabata imodzi, ndipo iye sanaikemo duwa lililonse.

Kholalo linali m'chipinda chakumapeto, mazenera otseka, chitseko chokhoma ndi loko, kiyi ali m'khosi mwake pamodzi ndi korona. Koma misomali ya chitsulo chokolekapo loko inkaoneka kuti wina amaizula n'kuikhomanso. M'nyumbamo ankakhala anthu awiri okha: iye ndi apongozi ake aamuna, a Crescencio, omwe pa unyamata wawo anapulula aiguwana a m'tchire la Chinandega ndi legeni ndi agalu awiri. Tsono wakuba ukam'funenso kuti?

Iguwanayo, buluzi wobiriwira wosakwana n'chaka chomwe, dzina lake Tiburcio, anali wa mwana wake Yahoska. Mtsikanayo popita kukathyola khofi ku Costa Rica sanalirire mayi ake, analirira kanyamako. "Amayi, chonde ndidzam'peze wamoyo," anatero pokwera basi, ndipo Auxiliadora analumbira. Yahoska ankayembekezeka kubwera Loweruka. Tsikuli linali Lachinayi la Sabata Loyera, sabata imene nyama ya ng'ombe siikhudza mbale, koma iguwana wophikidwa mu ufa wa chimanga chokazinga amanunkhira pakhomo lililonse.

Nkhalambayo inali itaonetsa kale mtima wake. Yahoska atangochoka, inayamba nyimbo imodzimodzi m'mawa uliwonse.

"Mpongozi, kanyamako kamafuna dzuwa. Katulutseni pabwalo kazidya masamba."

Pabwalo! Pafupi ndi mpando wawo wa ndakhutandalema, pomwe chikwanje chimakhala chotsamira khoma! Mphamba akakulangiza kuti anapiye ako azisewera pamtetete, umadziwa chochita. Auxiliadora anagula loko tsiku lomwelo. Za masambazo anangoti adye iwowo. Tiburcio ankam'patsa zakudya za munthu wokondedwa: dzira lowiritsa, tizidutswa ta nkhuku, mpunga ndi nyemba, mkaka m'kabakuli.

Ndipo pa kasamalidwe, mayiyu ankadzitama poyera. Mu Januwale kanyamako kanadwala, nsagwada kufewa, miyendo kutupa n'kumanjenjemera. Iye anakapondera dzira mu mkaka, n'kupita kumsika kukagulitsa tchizi wake mtima uli m'mwamba. Pobwera madzulo anakapeza kali tcheru, kakukwapula waya ndi mchira. Kumapeto kwa Febuluwale matendawo anabweranso, mankhwala ake omwewo, kuchira kwake komweko. Amayi onse a mzere wa tchizi anaimva nkhaniyi mpaka kutopa nayo.

Tsopano Tiburcio anali atafookanso, masiku awiri osadya, ndipo zizindikiro zinali mbwee. Maluwa aja, ndani sadziwa kuti nyama ya mphika amayamba ainenepetsa? Mikono ya nkhalambayo inali yokandikakandika ngati ya munthu wolimbana ndi zikhadabo. Dzulo lake inasowa masana onse, n'kubwera ikutsimphina, osanena kumene inapita. M'mawa uno inali itakazinga chimanga, ikuimba mluzu.

Auxiliadora anakwiya, komanso anachita mantha. Akamuuza chiyani mwana wake Loweruka?

Anasenza dengu lake, natsanzika mokweza kuti amve ndi ogontha omwe. Atangokhota pangodya anasiya dengulo kwa neba, navula nsapato, n'kubwerera kudzera kumpanda wakuseri, mwakachetechete.

Chitseko cha chipinda chija chinali pululu, loko akulendewera ndi misomali yake. A Crescencio anali atagwada pafupi ndi khola. Pambali pawo panali thumba lomanga kukamwa, ndi chikwanje. M'dzanja lawo munali Tiburcio, mutu uli lende, mchira ukukhudza pansi, wakufa.

"Ndakugwirani!" anakuwa Auxiliadora. "Nkhalamba yopanda manyazi inu! Chiweto cha mdzukulu wanu weniweni, mwachipha chifukwa cha m'mimba?"

"Musakuwe, amake Yahoska."

"Ndikuwa! Amve onse mpaka kutchalitchi! Mawa mukanyamule mtanda ndi manja omwewa? Miyezi inayi ndakalera ine kanyamaka, kawiri konse ndakachotsa kukamwa kwa imfa, inu mukungowerenga masiku n'kumameza malovu! Bwanji simunagule wanu pamsewu ngati anzanu?"

Misozi inatsika. Anali atalephera chinthu chimodzi chokha chimene mwana wake anam'pempha, ndipo zinamuwawa kwambiri.

A Crescencio anagoneka kanyama kakufako pansi mwaulemu, namasula thumba lija, napisamo dzanja. Munatuluka iguwana wina, wamsinkhu womwewo, wobiriwira bwino, akuphiriphitha ndi kuwakwapula pamkono ndi mchira. Anamulowetsa m'khola, natseka kachitseko, kenako anayesa kuimirira. Zinakanika mpaka atagwira khoma.

"Sindinadyepo ndi mmodzi yemwe, mwananga," anatero. "Wa Yahoska anafera mumdima muno mu Januwale posowa dzuwa ndi masamba, ndinakam'kwirira kuseri ndi chikwanjechi. Amene ndaikamoyu ndi wachinayi, ndipo mawondo angawa sangakwerenso mtengo wina."