Phazi la Njiwa Pamlambe

Padangokhala, kalekale mbalame zisanadziwe legeni, Njiwa anapeka nyimbo yoimba posinja. Asanaiimbe pagulu, anapita kwa Gogomole, yemwe ankagoba pamlambe chizindikiro cha aliyense wopeka nyimbo.

Paukwati wa Nkhanga, Khwangwala anaimba nyimboyo monyadira nkumati ndi yake, ndipo mbalame zinamufupa lichero la mapira.

Njiwa sanapse mtima. "Achimwene, mwaimba bwino. Ngati nyimboyi ndi yanu, tiyeni kumlambe tikaone chizindikiro chanu."

Kumeneko anapeza chizindikiro cha phazi la Njiwa chokha.

"Nyimbo ilibe mwini, ndi mphepo!" anakalipa Khwangwala.

"Nanga mapirawo mwalandiriranji? Mphepo amaifupa?" anafunsa Gogomole.

Khwangwala anatula lichero pamapazi a Njiwa. Mpaka lero amangoti "khwaa!" pomwe Njiwa amaimba yake mtima uli m'malo.