Nyenyeswa za Labala

Amphezi anamupeza mpongozi wawo atawerama patebulo, akufufuta mayankho ndi labala. Ankafufuta mwachangu ngati wakuba amene akubisa mapazi. Atamva chitseko, anapuputa nyenyeswazo n'kulowetsa pepala kunsi kwa buku.

"Mwabwerako, amayi?"

"Ayi, ndikadali konko," anatero Amphezi n'kudutsa.

Dzina la Amphezi anawapatsa ndi anzawo a nyumba zoyandikana, ndipo silinawaphonye. Chimwalirire amuna awo, anatsala ndi zipinda ziwiri, makina osokera ndi mwana mmodzi wamwamuna, Mzime, amene anamuphunzitsa mpaka sekondale ndi nsingano. Tsiku limene Mzime anabwera ndi mabuku atatu ndi mapepala a mayeso akale, Amphezi sanafunse zambiri. Anangodziwa kuti mwana wawo adzavala taye. Tsopano panatsala masiku anayi kuti anthu alembe mayeso oyamba olowera ntchito m'boma, aja osefa khamu kuti patsale ochepa. Ukagwa pamenepo, basi, udikire chaka china.

Koma m'nyumba munali mdani, ndipo mdaniyo ankadya nawo mbale imodzi.

Amphezi anali ndi maso. Mzime akangotsegula buku, mkaziyo ankakhala pafupi, kumulowerera pakamwa. Mwamuna awerenge funso mokweza, iye wayankha kale, ngati kuti wafunsidwa. Anatchera wotchi ya alamu kuti izilira ola likakwana, ndipo ikangolira ankalanda pepala. Mwana akalira, ndi Mzime wonyamuka. Matewera, ndi Mzime. Dzulo lake Amphezi anamupeza munthu wamkulu, wamandevu, atabereka khanda kumbuyo akutsuka mapoto, mkazi ali khale ndi buku pamiyendo. Buku la mwini wake!

Ndiye izi zofufuta. Mapepala a mayeso aja amayankhidwa podetsa timabokosi ndi pensulo. M'mawa Amphezi ankawaona ali odetsedwa bwinobwino, mzere ndi mzere. Pofika masana, mbee! Ntchito yonse yapita, nyenyeswa za labala zili mbwee pachitenje cha mpongozi.

Chifukwa chake Amphezi sanachifune kutali. Akazi otere amaopa kuti mwamuna akalowa mu ofesi adzaona anzake opaka milomo. Bola akhale wosauka, koma akhale wake. Anazionapo Amphezi zimenezi, si ana ayi.

Anayesapo kumuchenjeza Mzime. Iye anangoyang'ana pansi n'kumakanda m'mutu.

"Amayi, tidzakambirana mayeso akatha."

"Akatha? Udzalembe ndi chiyani, ndi thewera?"

Masana amenewo envulopu yakhaki inafika, yodindidwa chidindo cha boma. M'menemo munali chiphaso cholowera m'chipinda cha mayeso, ndipo popanda icho pakhomo sakulowetsa. Amphezi anaona ndi maso awo mpongozi akuilandira. Sanamupatse mwamuna wake. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuilowetsa pansi penipeni pa chikwama chake cha zovala.

 Amphezi anadikira mkaziyo atapita kumpopi, analowa kuchipinda, nakokera chikwama chija pabalaza. Anaponyamo nsapato zake, mafuta odzola, chipeso. Akapume kwa makolo ake mpaka mayeso atatha, ndipo akafuna asabwerenso.

Mpongozi anafika ndi ndowa pamutu n'kuima pakhomo. Mzime anatuluka ndi khanda paphewa.

"Amayi, n'chiyaninso?"

"Khala chete iwe, wadyetsedwa! Ndakuvutikira ndekha, maso anga atha ndi nsingano, kuti uyu azikufufutira tsogolo ndi labala? Mayi iwe, chikwama chako icho. Koma ichi usiye!"

Anapisa dzanja pansi pa zovala, nasolola envulopu ija n'kuing'amba kukamwa. Anatulutsa chiphaso kuti amupatse mwini wake m'manja. Mawu achingerezi sanawathe kuwerenga, koma chithunzi sichifuna sukulu. Anachiyandikitsa kumaso, anachitalikitsa. Nkhope inali yomweyo, ya amene anaima pakhomo ndi ndowa.

"Tilibe mapepala ena, amayi," anatero mpongozi motsitsa. "Ndimafufuta kuti ndiyesenso."

Amphezi anatembenukira kwa mwana wawo. Mzime anasamutsa khanda kuphewa lina.

"Amafuna satifiketi ya sekondale, amayi. Ine ija ndinalephera. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuopa kukuuzani."