Mabuku Anayi a Loweruka

A Isake asanafike, Janeti anali atawaikira kale mabuku anayi pambali. Loweruka lililonse zinkatero. Chifunga chikangoyamba kuchoka m'phiri, ankamva njinga ikutsamizidwa kukhoma, kenako bamboyo ankalowa atavula chipewa, jumbo ya mabuku ili m'khwapa.

Laibulaleyo inali dzina lokha: kachipinda kuseri kwa sukulu ya pulaimale kufupi ndi Muloza, mashelefu atatu ndi benchi imodzi yogwedera. Janeti, mphunzitsi wa Sitandade 6, ndiye ankaitsegula Loweruka, poti aphunzitsi anzake onse anali ndi mabanja owasamalira. Iye analibe. Kwawo kunali ku Ntchisi, ndipo chifikireni kuno sanapeze mnzake. Moni anthu ankamupatsa, waulemu ndithu, koma akangodutsa ankabwerera ku Chilomwe chawo. Madzulo ankadya yekha, wailesi ikudzilankhulira pawindo.

Ndiye Loweruka linali tsiku lake. A Isake, wakabaza wa pa boda, ankabwereka mabuku a banja lonse: lawo, la akazi awo a Esteri, la mwana wawo wamkulu Ireen, ndi la Hopewell, mzime. Buku lililonse linkabwerera ndi chigamulo chake.

"Ireen walimva bwanji la wapolisi lija?" anafunsa Janeti.

"Akuti wakubayo anamudziwa asanafike n'komwe pakati. Akuti musamuderere, mumupatse lovuta," anatero a Isake akutulutsa mabuku m'jumbo. "Hopewell ndiye za njuchi zamulowa m'mutu. Mayi ake akuti la chikondi lija ndi bodza lokhalokha, palibe mwamuna amalankhula choncho. Komatu analimaliza."

Janeti anaseka mpaka kugwira tebulo. Azimayi awiri amene anali pabenchi sanaseke nawo. Anangoweramira m'mabuku awo, ndipo posakhalitsa anatuluka. Kaduka, anaganiza choncho Janeti. Ndi mabanja angati kuno amene bambo amadziwa chimene mwana wake akuwerenga?

Banjali ankalidziwa kuposa anthu oyandikana nawo nyumba, chonsecho sanalionepo n'kamodzi komwe. Ankadziwa kuti Lamulungu akaweruka ku tchalitchi amayala mkeka pansi pa mtengo wa mapeyala. Aliyense amawerenga tsamba limodzi mokweza kuchokera m'buku lake, kuyambira wamng'ono, ndipo amene wayasamula mnzake akuwerenga ndiye amatsuka mbale. Pakati pa sabata, akuchonga makope, maganizo ake ankathawira ku mkekawo. Mu shelefu ankasankha ngati akusankhira abale ake: ili Ireen alinyoza, ili Hopewell sagona nalo.

Koma mkekawo sanaukhalepo. Anapemphapo kuti adzacheze, osati kamodzi. Yankho linkangosintha malaya. Lero msewu wa kwawo wadzaza matope. Sabata inayo mayi ake a Ireen sakupeza bwino. Kenako galu wawo ndi wolusa.

Janeti sanali mwana. Galu wanji? Nkhani inali ya a Esteri. Mkazi amene amawerenga mabuku chotero, bwanji osabwera yekha kudzasankha, olo tsiku limodzi? Zinali zoonekeratu. Mayiyo sankafuna mbeta pakhomo pake, makamaka mbeta imene amuna ake amaseka nayo Loweruka lililonse. Zinkamupweteka Janeti. Zinkamupweteka kwambiri chifukwa a Esteriwo iye ankawakonda, ndi lilime lawo lakuthwalo.

Tsono sabata imeneyi ahedi anamuitana. Mphunzitsi wina wa ku Mulanje konkuno, amene ankaphunzitsa ku Ntchisi, ankafuna wosinthana naye malo. Yankho linkafunika Lolemba. Janeti anayang'ana zonse zimene zikanamugwira kuti asachoke, ndipo sanapeze china koma banja lija. Atangomulandira kamodzi kokha, akhala. Akamukananso, amanga katundu.

A Isake anatambasula dzanja kuti atenge mabuku atsopanowo. Janeti anawasanjika chikhatho pamwamba.

"Bambo, mawa ndibwere?"

"Mawa, aphunzitsi, kungoti mayi ake..."

"Musavutike kupeka china." Janeti anawadula mawu. "Ngati a Esteri sandifuna, ingonenani. Mukawauze kuti ine sindikufuna mwamuna wa munthu. Ndimangofuna kukhala kumapeto kwa mkeka, ndiwerengeko tsamba langa. Mbale ndikhoza kutsuka osayasamula n'komwe. Ndatopa kudya ndekha, bambo. Lolemba ndikukavomera zobwerera kwathu."

Bamboyo anabweza dzanja lake. Anabwerera m'mbuyo n'kukhala pabenchi, chipewa akuchizunguliza m'manja. Panja panadutsa lole ya tiyi, mawindo n'kunjenjemera. Janeti anachita manyazi ndi zimene analankhula, koma sanazibweze. Anachotsa dzanja pamabuku n'kuwakankhira kutsogolo. Kwa iye yankho linali lodziwikiratu.

"Ndiye laibulale azitsegula ndani?" anafunsa a Isake motsitsa.

"Apezeka wina. Wa konkuno, wodziwana ndi aliyense."

A Isake anapukusa mutu kwa nthawi yaitali, maso ali pansi.

"Musachoke, aphunzitsi. Bwerani mawa, mkeka ulipo. Koma mukapeza ine ndekha. A Esteri ndi ana anapita ndi madzi a namondwe wa Freddy inu musanabwere kuno, masamba awo ndimawawerengera ndine. Sindinakuuzeni chifukwa dera lonse lino, ndinu nokha amene mumandifunsa kuti Ireen wati chiyani."