Mapazi a Kumbuyo kwa Namwino

Atangolowa m'nkhalango ya bulugamu, namwino anawamvanso mapazi aja kumbuyo kwake.

Sanacheuke. Ankawadziwa bwino: olemera, osapupuluma, lamanzere likukhula pansi pang'ono. Iye akawonjezera liwiro, nawo ankawonjezera. Akachepetsa, nawo ankachepetsa. Sankamupitirira, komanso sankatsalira.

Zothamanga m'mamawazi anaziyamba dokotala wa kuntchito kwake atamuyeza n'kupukusa mutu. "Mayi, magazi anu akuthamanga chifukwa eni akenu simuthamanga," anatero dokotalayo. Basi namwino anagula nsapato n'kudzisankhira njira: kuchoka kuseri kwa nyumba za pachipatala, kudutsa m'nkhalango, kutsata mtsinje mpaka pamlatho wamatabwa, kenako kukwera ndi kutsika zitunda za minda mpaka kubwerera kunyumba. Njirayo anaikonda. Inali malo okhawo amene palibe ankamuitana kuti adzabaye munthu jakisoni.

Kenako kunabwera bamboyu. Anali wamtali, wa mapewa otambalala, chipewa chofika m'maso, magalasi akuda ngakhale dzuwa lisanatuluke. Ankaima pansi pa mtengo polowera m'nkhalango, mutu atazolika. Namwino akangodutsa, iye ankanyamuka. Tsiku lina namwino anamupatsa moni. Bamboyo anangong'ung'udza, nkhope atalozetsa kwina.

Namwino atawauza mlamu wake za bamboyo, iwo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mlamu, ameneyo wakufunani banja, akungosowa poyambira. Muthamangitseni choncho, tione ngati ali ndi mapapo."

Namwino anaseka nawo. Koma sabata yathayi kuchipatala kunabwera mayi wina wotola nkhuni, mutu uli magazi okhaokha. Munthu anamutchingira m'nkhalango momwemo, ndipo sanagwidwe. Amene anatsuka balalo n'kulimanga anali namwino yemweyu. Kuyambira pamenepo nthabwala ya mlamu inasiya kukoma.

Lero kunali nkhungu. Mvula inali itagwa usiku, ndipo alimi amene ankakumana nawo masiku onse anali asanatuluke. M'nkhalango monse munali zii, kupatula madontho ogwa m'masamba ndi mapazi a anthu awiri.

Namwino anaganiza zomuyesa. Pamphambano, m'malo mopita kumlatho monga mwa masiku onse, anakhotera kumanja, m'kanjira ka ng'ombe kotsetserekera kumtsinje. Wothamanga wongodzithamangira akanapitirira ndi njira yaikulu.

Kumbuyo kuja mapazi anadodoma pang'ono. Kenako anakhota.

Namwino sanachedwe. Analiyatsa liwiro, minga ikumukanda m'miyendo, matope akumuterereka. Foni anali ataisiya patebulo. Kukuwa? Akanamva ndani, mtsinje ukulira chonchi? Kumbuyo kunamveka nthambi ikuthyoka, munthu akupunthwa, kudzuka, n'kumabwerabe. Tsopano ankamva ndi kupuma kwake komwe.

Kanjirako kanathera pagombe. Madzi anali atadzaza, ofiira, akukokolola zitsa. Gombelo linali litagumuka usiku, n'kusiya phompho lalitali kuposa munthu. Kutsogolo kunalibe kopita.

Namwino analumphira kuseri kwa mkuyu waukulu, n'kutola mwala wodzaza manja onse awiri. Anatseka pakamwa kuti mpweya usamveke. Anakumbukira mwana wake wamkazi amene anamusiya ali m'tulo, yunifolomu ya kusukulu itayanikidwa pampando.

Bamboyo anatulukira m'tchire, bondo likuchucha magazi. Anachepetsa liwiro, n'kuima. Anapendeketsa mutu uku, n'kupendeketsanso uko, ngati galu wosaka amene fungo lamusokonekera. Anali pafupi moti namwino ankaona thukuta likutsika m'khosi mwake.

Kenako anapisa dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa chinthu chachitsulo chopindapinda, n'kuchikutumula kamodzi. Kha! Kha! Kha! Chinatambasuka n'kukhala ndodo yaitali, yonyezimira kunsonga.

Namwino anaona m'maganizo bala la mayi wa nkhuni lija, lalitali, lowongoka. Mkwiyo unamugwira. Moyo wake wonse wakhala akusoka zimene anthu ngati awa amang'amba. Lero ayi.

Bamboyo anayenda pang'onopang'ono, chitsulo chili patsogolo, akugwaza nacho m'maudzu. Anadutsa mkuyu uja osamuona. Anatembenuka, msana kulozetsa kumtsinje, n'kusuntha chafutambuyo. Chidendene chake chinatsala pang'ono kufika pamilomo ya phompho, ndipo dothi linayamba kugumukira m'madzi. Mwala umodzi pachifuwa, mtsinje ukanamaliza zotsalazo.

Namwino anatuluka, mwala uli m'mwamba.

"Imani pomwepo!" anakuwa. "Mukundifuna chiyani? Ndinakulakwirani chiyani ine?"

Bamboyo anauma thupi. Nkhope yake inatembenukira kumene kunachokera mawuwo, koma inaphonya pang'ono, n'kuloza pamtengo.

"Mayi, zikomo kuti mwayankhula," anatero motsitsa. "Ndikhululukireni, manyazi ndi amene ananditseka pakamwa. Maso angawa anafa chaka chatha, ndipo njira ija ndimaithamanga pomvera mapazi anu. Kuno sindikudziwako, ndipo madzi ndikuwamva pafupi kwambiri. Chonde, ndipondere mbali iti?"