Bolopeni Yofiira

"Ababa, tandichongerani chimangirizochi," anatero mwana wawo wamkazi, akukankhira pambali mabotolo a mankhwala kuti mapepala akwane patebulo.

Bambowo, amene anaphunzitsa zaka makumi atatu matenda oiwala asanawagwire, anamuyang'ana ngati mlendo. Chaka chinali chitatha osamutchula dzina.

"Uli kalasi yanji, mtsikana iwe?"

"Ndili ku koleji ya uphunzitsi, Ababa."

"Msinkhu wonsewu, ntchito n'kubwera nayo mochedwa! Patse bolopeni yofiira."

Mutu umene mwanayo anapatsidwa ku koleji unali wakuti, "Kodi nzeru za munthu zimachokera kuti?" Anzake anathamangira ku laibulale. Iye analemba za bambo ake: mmene ankamukwezera pa njinga ali wamng'ono, n'kumaima pa chikwangwani chilichonse mpaka awerenge yekha. Ankayembekeza kuti akaziwerenga amukumbukira.

Dzanja lonjenjemera la bambowo litagwira bolopeni linakhazikika. Anachonga mzere ndi mzere. Atafika pa ndime ya njinga anaima, navula magalasi.

"Bambo amenewa..."

"Ee, Ababa?"

"Adakali moyo?"

Mwanayo anayankha kuti, "Alipo."

Bambowo anagwedeza mutu, nalemba pansi pa tsamba ndi zilembo zawo zopendekeka zija: "Walemba bwino. Ukawawerengere bambo ako lero lomwe, pakuti anthu akamakalamba sachedwa kuiwala."

Anamubwezera mapepala aja akumwetulira.

"Basi, pita. Ukamatuluka undiitanire wotsatira."