Mapikapu Awiri pa Chezi

Cha m'ma 7 koloko m'mawa, chifunga chisanachoke pa Chezi, a Elifala anaima pakati pa mapikapu awiri.

"Bambo, yokokera ngolo ya fodya ndi yoyerayi," anatero Dave, wogulitsa. "Zitunda za ku Ntchisi imangoseka nazo. Yofiirayo kutalika kokha, pachitunda imatsokomola."

A Elifala anavomera, koma anangopezeka akuyeza kumbuyo kwa yoyerayo ndi zikhatho. Kunali kwakufupi. Chaka chatha bokosi la maliro a akazi awo, a Elube, linabwera pa galimoto yotere, kumiyendo kuli panja, atalimanga ndi chingwe. Ndipo kumudzi, mwini pikapu ndiye amanyamula maliro.

"Ndiye mwati iti, bambo? Yokoka kapena yaitali?"

"Kaya, achimwene. Ndinabwerera yokoka ngolo ine."

A Elifala anabwerera kuchigafa osagula iliyonse, nakhala pansi kusankha fodya.